Mabisiketi a oats ndi mphesa zouma pa mbaula: yankho kwa achemwali a ku Mpondasi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mpondasi, kuno ku Mangochi. Sindiwatchula dzina, koma funso lawo ndi ili: "Ndayesa katatu kuphika mabisiketi a oats ndi mphesa zouma. Ndilibe uvuni, ndimaphikira pa mbaula ndi poto wamkulu. Ulendo uliwonse amaphwatalala n'kugwirana onse, pansi amapserera pomwe pakati pali paziwisi, ndipo mphesazo zimauma gwa n'kumawawa. Ana anga amawakonda, koma zipangizo zake n'zodula, sindingamangotaya. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, pepani ndithu. Ndikudziwa mmene mtima umapwetekera ukavundukula poto n'kupeza kuti paketi ya oats yomwe unagula modzimana yapita pachabe. Zinandichitikira inenso chaka chomwe ndinayamba kuphika mabisiketi amenewa. Ndinasakaniza zonse cha m'ma 12 koloko masana, mwezi wa Okutobala, ndikuti ana akamaweruka apeze zapsa. Nditavundukula ndinapeza chibisiketi chimodzi chodzadza thireyi yonse, chakuda m'mbali, mafuta ali nyezinyezi pamwamba. Ndinakhala pakhonde kwa nthawi ndithu ndikuwerengera ndalama zomwe ndinaononga.

Pomwe ndinadzazindikira ndi apa: maphikidwe ambiri a mabisiketi amenewa omwe timawerenga pa intaneti analembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira, makamaka ku America. Iwo akamanena kuti batala akhale wofewa, amatanthauza batala yemwe wakhala m'khitchini mozizirira, woti ukamudina ndi chala amangolowa pang'ono. Kuno ku Mangochi nkhani ndi ina. Batala amayamba kusungunuka pa madigiri 32 mpaka 35, ndipo masana a Okutobala ndi Novembala kutentha kwathu kuno kumafika pomwepo, masiku ena kupitirira. Ndiye kuti majarini wanu amakhala atagonja kale musanamuike pamoto. Akangomva kutentha kwa makala amasanduka mafuta amadzimadzi nthawi yomweyo, ufa ndi dzira zisanagwirane, basi bisiketi n'kuyenderera. Choncho pa mavuto atatu omwe mwatchulawa, loyambalo gwero lake ndi nyengo yathu, osati manja anu.

Tiyambe ndi miyeso, chifukwa mwina penanso pakuvuta ndi pamenepa. Ine ndimagwiritsa ntchito kapu ya mamililita 250, ndipo kapu yomweyo ndiyesera chilichonse. Pamafunika theka la kapu ya majarini (magalamu pafupifupi 115), theka la kapu ya shuga wa bulauni, kota ya kapu ya shuga woyera, dzira limodzi, makota atatu a kapu ya fulawa, kapu imodzi ndi theka ya oats, ndi makota atatu a kapu ya mphesa zouma. Pamwamba pa izi, theka la supuni ya tiyi ya soda, theka la supuni ya tiyi ya sinamoni, ndi mchere wotsina ndi zala zitatu. Vanila ngati alipo, supuni imodzi ya tiyi. Ngati palibe musadandaule naye. Muyeso umenewu umatulutsa mabisiketi 18 kapena 20.

Pa majarini ndiimepo pang'ono. Gulani wa chibuma, wokutidwa m'pepala uja, yemwe amalembedwa kuti ndi wophikira, monga Stork. Wa m'kachigoba wopaka pa buledi anamupanga kuti azikhala wofewa nthawi zonse, ndipo mitundu yambiri yotere imakhala ndi madzi ochuluka. Pa buledi ndi wabwino, koma mu bisiketi ndi amene amachititsa kuphwatalala kuja. Musayesenso kuika mafuta ophikira m'malo mwake pa muyeso womwewu. Mabisiketi amatuluka onona mopyola ndipo sagwirana bwino.

Shuga wa bulauni naye ali ndi ntchito yake. Amakhala ndi manyuchi a nzimbe omwe amasunga chinyezi, ndi chifukwa chake bisiketi imakhala yofewa pakati. Kaasidi kochepa ka m'manyuchiwo kamathandizanso soda kuti agwire ntchito. Mwamwayi shuga wotere ndi wathu womwe, wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, sitisowa kukamufuna kutali. Soda yekha musapyoze muyeso. Akachuluka bisiketi imamveka ngati sopo mkamwa, ndipo imayendereranso kwambiri.

Ma oats gulani aja ophwatalala ophikira phala, monga Jungle Oats. Musatenge aja a m'timapaketi ting'onoting'ono ongothira madzi otentha, chifukwa ena anathiramo kale shuga ndi zokometsera, ndiponso ndi osalala kwambiri moti bisiketi imataya kukhakhala kwake komwe timaikondera. Ine ndimatapa theka la kapu pa muyeso uja n'kusinja pang'ono mu mtondo, kangapo chabe, osafika pokhala ufa. Tizidutswa timeneti timamwa msanga chinyezi n'kumanga msakanizo wonse pamodzi.

Tsopano kasakanizidwe. Dzukani m'mamawa, dzuwa lisanatuluke kumapiri a ku Namwera, nthawi yomwe kamphepo ka ku Shire kakadaomba. Choyamba nyikani mphesa zanu m'madzi ofunda kwa mphindi 10. Ena amanyika mu tiyi wopanda mkaka, ndipo zimakoma. Kenako tsanulani madziwo, muyale mphesazo pa kansalu koyera n'kuzipukuta mpaka zisamanyowetse dzanja. Apa ndi pomwe pali yankho la vuto lanu lachitatu. Mphesa youma imakhala ndi shuga wambiri, madzi ochuluka anachokamo kale padzuwa. Zambiri zomwe timagula kuno zimachokera ku South Africa, komwe amalima mphesa zoumitsa m'mbali mwa mtsinje wa Orange, ndipo pofika m'mashopu mwathu zimakhala zitaumiratu. Ikalowa pamoto ili choncho, shuga wake amapserera, ndiko kuwawa komwe mukumva. Ikamwako madzi imatupa, ndipo imapirira moto.

M'beseni, pondani majarini ndi shuga yense ndi mthiko kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka ziyererepo. Mukaona kuti pamwamba payamba kunyezimira ngati mafuta, imani, khazikani beseniyo m'madzi ozizira a mu mtsuko kwa kanthawi. Thirani dzira ndi vanila, takasani. Mu mbale ina sefani fulawa, soda, sinamoni ndi mchere, kenako phatikizani. Pamenepa musatakase ngati mukuvundula nsima. Fulawa ikatakasidwa kwambiri imalimba n'kutanuka, zomwe timafuna pa mandasi ndi buledi, koma osati pa bisiketi. Ufa woyera ukangosiya kuoneka, thirani ma oats ndi mphesa, tembenuzani kangapo, basi.

Ndiyeno chinthu chomwe anthu ambiri amadumpha chifukwa cha changu: msakanizowo upume. Ngati muli ndi firiji ndipo magetsi alipo, ikanimo kwa ola limodzi. Mukhozanso kusakaniza madzulo n'kugoneka m'firijimo mpaka m'mawa, mabisiketi ake amakoma koposa. Ngati firiji palibe, vindikirani beseni, likhazikeni m'beseni lina la madzi ozizira, fundikani nsalu yonyowa pamwamba, n'kuika pomwe pakudutsa mphepo kwa mphindi 30 kapena 40. Pali anansi ogulitsa mafirizesi kapena madzi oundana? Gulani awiri atatu muponye m'madzimo. Koma popanda firiji musapyole ola limodzi, chifukwa muli dzira laliwisi ndipo kutentha kwathu sikuchedwa kuononga chakudya. M'kupumako majarini amalimbanso, ma oats amamwa chinyezi cha dzira, ndipo mukadzatapa ndi supuni muona kuti msakanizo ukuima wokha osayenderera. Ukakhalabe wotepeta, onjezerani masupuni awiri a fulawa.

Tafika pa moto, pomwe pali vuto lanu lachiwiri. Uvuni amatenthetsa chakudya mbali zonse ndi mpweya wotentha. Mbaula imawotcha kuchokera pansi pokha, ndipo chitsulo cha poto chimatengera moto wonsewo molunjika ku thireyi. Ntchito yathu ndi kusandutsa potoyo kukhala uvuni, monga momwe amayi athu amachitira ndi chigumu kapena chikondamoyo.

Thirani mchenga wouma pansi pa poto, kukhuthala kwake ngati zala ziwiri. Mchenga kuno sitisowa, koma usefeni ndi kuuyanika kaye kuti usakhale ndi zinyalala zonunkha zikapsa. Pamwamba pa mchengawo ikani timiyala titatu tophwatalala tofanana msinkhu, kuti thireyi ikhale m'malere, isakhudze mchenga. Vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo kapena lata loyera lopanda penti, ndipo mutenthetse poto wopanda kanthu kwa mphindi 15. Makala akhale atayaka bwino mpaka kuyera phulusa, opanda utsi kapena malawi. Pogawa, ambiri apite pamwamba: magawo awiri pa chivindikiro, gawo limodzi m'mbaula, ndipo a m'mbaulawo muwakankhire m'mbali, pakati pakhale pochepa. Ndikukhulupirira kuti inu mwakhala mukuchita mosemphanitsa, mbaula yodzadza ndi makala, pamwamba timakala tiwiri titatu. Ndi mmene ambiri timayambira.

Moto womwe tikufuna ndi wa madigiri 180. Popanda choyezera, wazani kaufa pang'ono pa thireyi, ikani mu poto n'kuvindikira. Ngati pakatha mphindi 5 ufawo wasanduka wofiirira ngati mtedza wokazinga, moto uli bwino. Ukada pasanathe mphindi ziwiri, chotsani makala ena m'mbaula n'kudikira. Ukakhala woyerabe, onjezerani pamwamba.

Pakani majarini pang'ono kwambiri pa thireyi, kenako wazani kaufa n'kukutumula. Mafuta ambiri pa thireyi nawonso amachititsa bisiketi kutsetsereka. Tapani supuni yaikulu yodzadza, bulungani ngati kambamu, musaphwatalitse, ndipo siyani mpata wa zala zitatu pakati pa chimodzi ndi chinzake. Mphesa iliyonse yomwe yatulukira kunja ikankhireni mkati ndi chala. Ulendo woyamba ikani mabisiketi awiri okha kuti muyese moto. Ndi bwino kutaya awiri kusiyana ndi thireyi yonse.

Mu uvuni wa magetsi amapsa pa mphindi 10 mpaka 12. Pa mbaula ine zimanditengera 12 mpaka 15. Pakatha mphindi 7 zungulizani poto theka, ndi chivindikiro chomwe, chifukwa mbaula iliyonse ili ndi mbali yomwe imatentha kwambiri, makamaka komwe kukulowera mphepo. Povundukula nyamulani mosamala phulusa lisagwere mkati, ndipo musamasuzumire pafupipafupi, kutentha kumathawa. Fungo la sinamoni likayamba kumveka pabwalo, ndiye kuti ali pafupi.

Muwaphule m'mbali mukafiira koma pakati pakuonekabe ngati sipanapsetse. Ndikudziwa kuti mtima umakana, umati asiye pang'ono. Aphuleni ndithu. Asiyeni pa thireyi yomweyo kwa mphindi 5, amapitiriza kupsa ndi kutentha kwa chitsulocho, ndipo amalimba akamazizira. Mukadikira kuti pakati paume ali pamoto, mudzatafuna mwala. Kenako asamutsireni pa lichero kuti mphepo idutse pansi. Thireyi nayo izizire musanaikepo ena. Mukaika msakanizo pa thireyi yotentha ndiye kuti mwabwerera ku vuto loyamba lija. Msakanizo wotsala uzidikira kutali ndi mbaula, m'madzi ake ozizira muja.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse: mbaula ikhale panja kapena pakhonde. Makala amatulutsa mpweya wakupha womwe sununkha ndipo suoneka. Ngakhale mphepo ya mwera ikuvutitsa, tchingani ndi lata, musalowetse mbaula m'nyumba yotseka.

Mwatchula za kudula kwa zipangizo, ndipo mukunena zoona. Ma oats ndi mphesa zonse ndi zochokera kunja. Ine masiku ambiri ndimachepetsa mphesa ndi theka n'kudzadzitsa ndi mtedza wokazinga, wopukusa makoko n'kuswa pakati. Ana anga amakonda zimenezi kuposa za mphesa zokhazokha. Nyengo ya Ramadhan, pomwe tende zimapezeka m'mashopu ambiri pa boma pano, ndimazidula tizidutswa n'kuika m'malo mwa mphesa. Tende zikakhala zofewa sizifuna kunyikidwa, koma ndi zotsekemera kwambiri, choncho ndimachotsa shuga woyera yense uja. Mango akachuluka mu Disembala, omwe mwaumitsa bwino amalowanso, bola muwanyike kaye ngati mphesa. Chokhacho chomwe sindisintha ndi muyeso wa ma oats. Ndinayesapo kuika ufa wa mgaiwa m'malo mwa theka lake, zinatuluka zodyeka ndithu ndi tiyi, koma zinali zofumbutuka, zoyandikira chigumu chouma.

Akazizira kotheratu asungeni m'chitini kapena m'chigoba chotseka bwino. Mukatsekera akadali ofunda amatuluka thukuta n'kunyowa, ndipo nyengo ya mvula nkhungu sizichedwa. Amakhala bwino masiku anayi kapena asanu. Nyerere za kuno mukuzidziwa nokha. Ine chitini changa ndimakhazika mu mbale ya madzi.

Achemwali, ulendo wachinayiwu phikani theka la muyeso. Dzira muliswere m'kapu, mulimenye, n'kutapa theka, lotsalalo mukazingire mwana. Mukaphika mundilembereko, makamaka mundiuze kuti ufa woyesera moto uja unafiira pa mphindi zingati ndiponso kukula kwa poto wanu, kuti ngati pansi pakupsererabe tione ngati ndi mchenga wochepa kapena makala a m'mbaula.