Mafunso a Awerengi: Kodi Berti Vogts Analidi Katswiri?

FUNSO: Akonzi, kuno ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota tili ndi mkangano pakati pa ife okonda mpira. Achikulire akunena kuti Berti Vogts, mphunzitsi wa ku Germany amene analephera ndi timu ya Nigeria mu 2008, anatengapo chikho cha dziko lonse, koma achinyamata akukana kuti munthu wotero sangakhale katswiri. Chonde tiuzeni zoona zake. (Wowerenga wa ku Dwangwa)

YANKHO: Bambo, achikulirewo akunena zoona. Vogts, amene anabadwa mu 1946, anali wotchinga kumbuyo ndipo anasewera timu imodzi yokha ya ligi yaikulu, Borussia Mönchengladbach, kuyambira 1965 mpaka 1979. Pa zaka zimenezo anasewera masewero 419 a Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, anatenga ligiyo kasanu komanso chikho cha UEFA kawiri, mu 1975 ndi 1979. Timu ya dziko la West Germany anaisewerera ka 96.

Anthu amamukumbukira kwambiri chifukwa cha masewero otsiriza a chikho cha dziko lonse mu 1974 mumzinda wa Munich, pamene anapatsidwa ntchito yokakamira Johan Cruyff wa timu ya Netherlands, amene pa nthawiyo analibe mnzake pa luso. Netherlands inagoletsa penate masewero atangoyamba kumene, ndipo Vogts analandira khadi yachikasu msanga, komabe sanamutaye Cruyff mpaka kumapeto, West Germany n'kupambana 2-1 ndi zigoli za Paul Breitner ndi Gerd Müller. Sanali wosewera wa madoda ayi. Mphamvu yake inali khama ndi kusatopa, n'chifukwa chake kwawo anamupatsa dzina lakuti Terrier, mtundu wa galu wamng'ono amene akaluma sasiya.

Pa uphunzitsi ndi pamene nkhani yake imavuta, ndipo apa achinyamata anuwo ali ndi poyambira. Atasiya kusewera anakhala zaka zoposa 10 akuphunzitsa matimu a achinyamata a dziko lake, kenaka anakhala wothandizira Franz Beckenbauer pamene West Germany inatenga chikho cha dziko lonse mu 1990, ndipo chaka chomwecho anamulowa m'malo. Anagonja 2-0 kwa Denmark m'ndime yotsiriza ya chikho cha ku Ulaya mu 1992, koma mu 1996 anachitenga pa bwalo la Wembley atagonjetsa Czech Republic 2-1 ndi zigoli ziwiri za Oliver Bierhoff. Pa chikho cha dziko lonse zinamukanika kawiri konse, chifukwa Bulgaria mu 1994 ndi Croatia mu 1998 zinamutulutsa m'ndime ya matimu asanu ndi atatu.

Kunja kwa Germany sanapindule kwenikweni. Anadutsa ku Kuwait ndi ku Scotland asanafike ku Nigeria mu 2007. Pa chikho cha mu Africa cha 2008 ku Ghana, timu yake inagonja 1-0 kwa Ivory Coast, inalepherana ndi Mali osagoletsana, inagonjetsa Benin 2-0, kenaka eni bwalo anaitulutsa 2-1 ngakhale kuti wosewera wawo mmodzi anali atatulutsidwa ndi khadi yofiira. Posakhalitsa Vogts anatula pansi udindo, n'kupita kukaphunzitsa Azerbaijan mpaka 2014.

Maganizo athu ndi akuti kumuweruza ndi za ku Nigeria zokha n'kumulakwira. Ku Germany ankadziwa osewera ambiri kuyambira ali anyamata, chifukwa anawaphunzitsa yekha, pomwe ku Nigeria anapeza akatswiri okhwima kale, omwazikana m'matimu a ku Ulaya, ndipo anakhala nawo pafupifupi chaka chimodzi chokha. Komabe sitingamuike pamzere umodzi ndi Beckenbauer, amene anatenga chikho cha dziko lonse ali kaputeni mu 1974 n'kudzachitenganso ali mphunzitsi wamkulu.