Achemwali, ndalamazo musazidye kaye

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga wanu, ndinali pasaiti foni ili m'chikwama. Mwati mnyamatayu wagwa pansanja ku Senga Bay komwe akumanga loji, fomani wabweretsa K40,000 kuti nkhani ithere pomwepo, ndiye mukufunsa ngati mulandire. Ayi, musasayine kalikonse.

Choyamba ndi msanawo. Mwati akuyenda koma akudandaula m'chiuno. Zimenezo ndi zomwe zikundiopsa ine. Mnzanga wina tinkamanga naye ku Chipoka anagwa chimodzimodzi, thabwa linathyoka ali ndi ndowa ya daka paphewa. Anadzuka, kudzisasa fumbi, mpaka anayenda yekha kupita kunyumba. Patapita masiku awiri miyendo inachita dzanzi, mkodzo osatuluka. Mpaka lero amayendera ndodo. Ndiye musamuthowe ndi madzi otentha, musamukweze pakabaza. Pezani galimoto agone chagada, mupite naye ku Salima District Hospital akamujambule. Akaona kuti fupa lakhudzidwa amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akangoti miyendo ikuzizira kapena sakuimva, musadikire kuche.

Nsanja zathu zija ndimazidziwa. Mitengo ya bulugamu yomweyo yagwira nyumba zitatu, misomali yowongola ndi hamala, matabwa ofumbwa, chotchingira kumbuyo palibe, lamba palibe. Kenaka mwera wa mwezi wa Julaye uno ukawomba kuchokera kunyanja, nsanja yonse imachita kugwedera. Mwana sanalakwe, wina asakunamizeni kuti anali wosasamala.

Za malamulo, alipo. La 1997 limakakamiza olemba ntchito kuteteza antchito awo pamalo a ntchito. La 2000 la chipukuta misozi limati munthu akavulala pantchito, bwana alipire chithandizo cha kuchipatala komanso chipukuta misozi malinga ndi kukula kwa kuvulalako. Kukulako amayeza ndi dokotala, osati fomani.

Ndiye sungani buku lakuchipatala ndi malisiti onse, ngakhale a galimoto. Anzake amene anaona akugwa, lembani manambala awo lero lomwe, anthu aganyu sachedwa kubalalika. Wina akajambulenso nsanjayo asanaiphwasule. Akanena kuti analibe kalata ya ntchito, musagwe mphwayi, nkhaniyo akaiweruze a ku ofesi ya Leba pa boma.

Ndalamazo ziikeni padera, mulembe tsiku ndi amene wabweretsa. Ine ndinyamuka mawa m'mawa, tikumane kuchipatala. Muwauze alamu asapite okha kukayankhula ndi kontrakitala ndisanafike.