Kodi kachipangizo ka batire kangathandize mtima wofooka wa bambo anu?

Mayi wina wa ku Namwera, m'boma la Mangochi lino, wanditumizira imelo yokhudza bambo ake amene akhala ndi vuto la BP kwa zaka zambiri. Akuti tsopano amatupa mapazi, amachita phuma ngakhale pochoka m'nyumba kupita kuseri, ndipo usiku sagona popanda kutsamira mapilo. Kuchipatala anawauza kuti mtima wafooka. Mchimwene wake amene ali ku Johannesburg wamva kuti kuli kachipangizo ka batire kamene madokotala amaika pachifuwa kuti kathandize mtima wotere, choncho banja layamba kukambirana zogulitsa malo kuti lipeze ndalama. Funso lake ndi lakuti kodi zimenezi n'zoona, nanga ayambe kusonkha ndalama?

Mayi, zimene achimwene anu amva n'zoona, koma kachipangizoka kamathandiza gulu limodzi lokha la anthu a mtima wofooka, ndipo pali njira yotsika mtengo yodziwira ngati bambo ali m'gulu limeneli musanagulitse kanthu kalikonse.

Mtima umagunda chifukwa cha mphamvu ya magetsi imene umapanga wokha, ndipo mphamvuyo imayenda m'tinjira tapadera mpaka kufika ku zipinda ziwiri zam'munsi zimene zimapopa magazi. Mwa odwala ena, kanjira kopita kuchipinda chakumanzere kamawonongeka, vuto limene madokotala amalilemba kuti LBBB. Zikatero, khoma lina la chipindacho limafinya msanga pamene linalo likuchedwa, ngati asodzi awiri amene akupalasa bwato limodzi mosagwirizana: thukuta likutuluka ndithu, koma bwato silikupita patali. Kachipangizo kamene mukufunsaka, kotchedwa CRT, ntchito yake ndi kubwezeretsa mgwirizanowo. Amakaika pansi pa khungu, m'munsi mwa phewa, ndipo nthawi zambiri kamakhala ndi mawaya atatu odutsa mumtsempha: wina umapita kuchipinda cham'mwamba chakumanja, wina kuchipinda cham'munsi chakumanja, ndipo wachitatu, umene ndi wovuta kuika, amaulowetsa mumtsempha wakuseri kwa mtima kuti ukafike pakhoma la chipinda chakumanzere. Musakasokoneze ndi kachipangizo wamba kothandiza mtima wogunda pang'onopang'ono, kamene kanaikidwa koyamba m'thupi la munthu mu 1958 ku Stockholm.

Amene anayambitsa njirayi ndi madokotala angapo a ku Ulaya, ndipo mmodzi wodziwika ndi Serge Cazeau wa ku France, amene mu 1994 analemba za wodwala wina amene anapeza bwino atamuika mawaya pa zipinda zonse zinayi. Komabe umboni umene ine ndimaudalira kwambiri ndi wa katswiri wa ku Britain, John Cleland, amene anatsogolera kafukufuku wotchedwa CARE-HF, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2005. Odwala 813 a m'maiko a ku Ulaya anagawidwa pawiri mwamaere, ena akumwa mankhwala okha, ena akumwa mankhwala omwewo komanso ali ndi kachipangizoka. Patatha zaka pafupifupi ziwiri ndi theka, mwa anthu 404 a mankhwala okha panali patamwalira 120, pamene mwa anthu 409 a kachipangizo panali patamwalira 82. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo n'kumene kunatsimikizira madokotala kuti CRT imatalikitsa moyo, osati kungochepetsa phuma.

Chimene ambiri ofotokoza nkhaniyi amadumpha ndi chakuti odwala a Cleland anali osankhidwa mosamala. Onse anali kale pa mankhwala, onse mtima wawo unali wofooka kwambiri, ndipo onse anali ndi chizindikiro chakuti magetsi a mtima akuchedwa. Ofufuza ena atayesa kachipangizoka pa odwala amene magetsi awo sanali kuchedwa kwenikweni, mu kafukufuku wa EchoCRT wa mu 2013, ntchitoyo inaimitsidwa isanathe chifukwa phindu silinaoneke, ndipo imfa zinachuluka kumbali ya amene kachipangizo kawo kanali koyatsidwa poyerekeza ndi amene kawo kanali kozimitsidwa. Ngakhale pakati pa oyenerera, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse saona kusintha kwenikweni.

Choncho pali mapepala awiri amene mukufunika kukhala nawo. Loyamba ndi la ECG, lija amapanga pomata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, n'kutuluka pepala la timabokosi ting'onoting'ono. Pakugunda kulikonse pamaoneka kamzere kosongoka kotchedwa QRS, ndipo kabokosi kamodzi kakang'ono kamaimira mamilisekondi 40 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Kwa munthu wabwinobwino, QRS sifika timabokosi titatu. Amene amapindula kwambiri ndi CRT ndi amene ali ndi LBBB ndipo QRS yawo yafika mamilisekondi 150 kapena kuposa, kutanthauza pafupifupi timabokosi tinayi. Ikakhala yochepera 130, kachipangizoka si kawo. Lachiwiri ndi la sikani ya mtima yotchedwa echo, imene imaonetsa kuchuluka kwa magazi amene chipinda chakumanzere chikutulutsa pakugunda kamodzi. Mtima wabwino umatulutsa opitirira theka la magazi amene ali m'chipindamo, ndipo CRT imaganiziridwa pokhapokha chiwerengerochi chikatsika kufika 35 peresenti kapena kucheperapo. Pemphani a pachipatala cha boma ku Mangochi kuti akuthandizeni kupeza mapepala awiriwa, ngakhale zitafunika kalata yopita ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Sikani ija ili ndi phindu linanso, chifukwa imasonyeza chimene chafooketsa mtima. Kafukufuku wa THESUS-HF wa mu 2012, amene anatsogolera ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo, anaona odwala 1,006 m'maiko 9 a mu Africa, ndipo anapeza kuti chimene chimafooketsa mtima kwambiri kuno ndi BP, komanso kuti enanso ali ndi mavavu a mtima (timakomo tolola magazi kuyenda mbali imodzi yokha) owonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zimene sizinachiritsidwe paubwana. Vavu yowonongeka siingakonzedwe ndi batire ayi.

Ine ndikanakhala inu, nzeru zanga zonse zikanayamba zapita ku mankhwala, pakuti palibe dokotala wanzeru amene angaike CRT wodwala asanamwe mankhwala oyenera, pamlingo woyenera, kwa miyezi yosachepera itatu, ndipo mitima ina imalimbako ndi mankhwala okha. Tayang'anani m'buku lachipatala la bambo. Furosemide, amene ambiri amamutcha Lasix, amachotsa madzi ndi kuphwetsa mapazi, koma amene amateteza mtima ndi monga enalapril, carvedilol kapena bisoprolol, spironolactone, ndiponso atsopano monga dapagliflozin. Anthu ambiri amasiya enawa mapazi akangophwa, ndipo apa m'pamene matenda amabwerera ndi mphamvu. Musawonjezere kapena kusiya mankhwala panokha, chifukwa ena mwa iwo amafunika kuyeza impso kaye. Mchere nawo muuchepetse, makamaka wa mu nsomba zouma zimene kuno kunyanja sitilephera kudya, ndipo ngati pali sikelo, ayezeni m'mawa uliwonse, chifukwa kukwera kwa makilogalamu awiri m'masiku atatu kumasonyeza kuti madzi ayambanso kudzadza.

Mapepala awiri aja akasonyeza kuti bambo ndi oyenerera, m'pamene nkhani ya ndalama iyambike, ndipo musawerengere mtengo wa opaleshoni wokha. Kachipangizoka kamafunika kukayezedwa ndi makina ake kamodzi kapena kawiri pachaka, batire imatha pakapita zaka zisanu mpaka khumi n'kufunika opaleshoni ina yosintha, ndipo pachilonda pakalowa tizilombo, nthawi zambiri amachotsa zonse pamodzi ndi mawaya. Achimwene anu akafunse dokotala wa ku Johannesburg kuti bambo akabwerera ku Namwera, kachipangizoko azikakayezetsa kuti komanso ndani adzasinthe batire.