Kodi wazamankhwala amangowerenga mapiritsi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wasankhidwa kukaphunzira zamankhwala ku yunivesite. Akuti abale ake akumunena kuti akataya zaka pachabe pophunzira kuwerenga mapiritsi n'kuwaika m'kapepala. Ndiye akufunsa zimene amaphunzira poyambirira, komanso kuti ntchito yeniyeni ya wazamankhwala ndi yotani.

Achemwali, zikomo pondilembera. Abale anuwo musawakwiyire. Iwo amaona dzanja likupereka mapiritsi pawindo, koma zimene zayenda m'mutu dzanjalo lisanatambasuke saziona.

Za m'kalasi ndingodutsamo mwachangu. Mudzayamba ndi kemisitiri komanso mmene thupi la munthu limagwirira ntchito, kenako pharmacology, yomwe imafotokoza zimene mankhwala amachita akalowa m'thupi, ndi pharmaceutics, ya kapangidwe ka mapiritsi, mankhwala amadzi ndi jakisoni. Koma masamu a milingo muwagwire ndi manja awiri. Mankhwala a mwana amawerengeredwa potengera makilogalamu ake, ndipo kadontho kakasowa pa 0.5 n'kuwerengeka 5, mwanayo walandira mlingo wochuluka kakhumi.

Phunziro limene lidzayankhe abale anu ndi pharmacy practice, la kagwiridwe ka ntchito yeniyeni yopereka mankhwala kwa odwala. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Kunabwera mayi wina wongoyamba kumene mankhwala a chifuwa chachikulu. Dokotala anali atalemba zonse molondola. Ndinafunsa ngati pali mankhwala ena amene akumwa, iwo n'kuti ayi. Nditafunsanso motsitsa mawu kuti, "Nanga olera?" anayang'ana pansi n'kuvomera kuti amamwa mapiritsi tsiku lililonse. Kwa iwo amenewo sanali mankhwala chifukwa sankawamwera matenda. Pajatu rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amachititsa chiwindi kuphwanya msanga mahomoni a m'mapiritsi olera, moti mayi akhoza kuima asakuyembekezera, kuwonjezera pa matenda amene akulimbana nawo kale. Ndinawatumiza kwa anamwino kuti akawasankhire njira ina. Ndinawauzanso kuti mkodzo wawo usintha n'kuoneka wofiirira, asachite mantha kuti ndi magazi, chifukwa ena akaona zimenezi amasiyira mankhwala panjira. Zonsezi sizinathe mphindi zisanu, ndipo amene anali pamzere anangoona ndikupereka mapiritsi.

Kusiyanitsa wolemba mankhwala ndi wowapereka sikunayambe dzulo. Cha m'ma 1240, mfumu Frederick II inalamula kuti m'dziko lake la Sicily udokotala ndi ntchito yokonza mankhwala zikhale zosiyana, ndipo dokotala asamapindule ndi mankhwala amene walembera wodwala. Kwa zaka mazana ambiri wazamankhwala ankadziwika ndi mtondo ndi munsi, akusinja ndi kusakaniza yekha. Mafakitale atatenga ntchito imeneyo, funso la abale anulo linabuka ngakhale pakati pa akatswiri eni ake. Mu 1990, akatswiri a zamankhwala Charles Hepler ndi Linda Strand analemba za pharmaceutical care, kutsindika kuti udindo wa wazamankhwala suthera pa kupereka paketi yoyenera, koma umafika pa zimene mankhwalawo achite kwa wodwalayo. Ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse.

Chovuta sindikubisirani: mudzafunika kudziwa kukana. Munthu adzabwera ndi chimfine akufuna maantibayotiki, pomwe chimfine chimayamba ndi mavairasi amene mankhwalawo sangawaphe, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumapangitsa mabakiteriya kusiya kumva mankhwala. Adzakukalipirani. Nthawi zina mudzaimbira dokotala wamkulu kuposa inu kumuuza mwaulemu kuti mlingo walembawo ndi waukulu kwa wodwala amene impso zake zafooka, mtima uli phaphapha. Komanso zimene wodwala wakunong'onezani pawindo zimathera pomwepo, ngakhale wofunsa atakhala mwamuna wake.

Podikira kuti sukulu itsegulidwe, tengani kapepala kamene kamakhala m'bokosi la paracetamol muwerenge konse. Muona kuti munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 pa tsiku kuopa kuwononga chiwindi. Kenako muyang'ane bokosi la mankhwala a chimfine, muone ngati mulibenso paracetamol yemweyo, ndipo muwerengere mlingo umene munthu womwa onse awiri angafike nawo pofika madzulo.