Tifunseni: kodi sitima yamatabwa ingatsogolere bwanji zachitsulo?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine ndine mlimi wa fodya kuno ku Chamama, ku Kasungu, nyanja ndinaionapo kamodzi kokha ku Nkhotakota. Mwana wanga wa fomu 3 anandionetsa pa foni chithunzi cha sitima yakalekale yamatabwa ya ku Mangalande, akuti dzina lake HMS Victory, ndipo akuti mpaka lero ndi flagship ya asilikali apamadzi a kumeneko. Tinatsutsana mpaka nsima kuzizira, ine ndimati flagship nde sitima yaikulu kuposa zonse, iye akuti ayi. Nanga chinthu chokalamba chonchija chingatsogolere bwanji sitima zachitsulo za masiku ano? Tatithandizani.

Wowerenga wanu, Chamama

YANKHO

Bambo, pamenepa mwanayo wakhoza, musamukalipire. Flagship si nkhani ya kukula, ndi nkhani ya mbendera. Mukaona mdipiti wa galimoto za boma ukudutsa pa Kasungu boma, mumadziwa bwanji momwe muli bwana? Simuyang'ana galimoto yaitali ayi, mumayang'ana yomwe ili ndi kambendera kutsogolo. Pamadzi nchimodzimodzi. Mkulu wa gulu la sitima zankhondo, amene amamutcha admiral, ali ndi mbendera yakeyake, ndipo sitima imene wakwera amakwezapo mbenderayo pa mlongoti, basi imeneyo nde flagship. Akatsika nkukwera ina, ulemuwo umasamuka naye. Kungoti nthawi zambiri amasankha yaikulu chifukwa amafuna malo a alembi ake, mapu ndi chipinda chochitira misonkhano, nde mwina ndi pomwe inu munaganizira za kukula.

Tsopano za Victory. Anayamba kuimanga mu 1759 ku Chatham, ku Mangalande, ndipo inalowa m'madzi mu 1765. Mitengo yomwe inapita pamenepo inali pafupifupi 6,000, yambiri ya mtundu wa oak, wolimba ngati mlombwa wathu. Inu a ku Kasungu mukudziwa mmene nkhalango imathera ndi nkhuni za fodya, nde taganizani sitima imodzi yokha kumeza mitengo yonseyo. Inali ndi mizinga 104, yambiri yoikidwa m'nsanjika zitatu, anthu ogwiramo ntchito oposa 800, injini panalibe, imayenda ndi mphepo yokankha matanga basi.

Inanyamulapo mbendera za akuluakulu angapo, Keppel mu 1778, Howe mu 1782, Jervis mu 1797. Kenako inaoneka kuti yatopa, mpaka anaisandutsa chipatala cha akaidi ogwidwa ku nkhondo, koma anaikonzanso yonse nkuibweza pa ntchito mu 1803, chaka chomwe admiral wina wotchuka, Horatio Nelson, anakwezapo mbendera yake.

Tsiku limene linaitchukitsa ndi 21 Okotobala 1805, pa nkhondo ya Trafalgar, kufupi ndi gombe la Spain. Angerezi anali ndi sitima 27, a France ndi Spain pamodzi anali ndi 33. Apa mpomwe ntchito yeniyeni ya flagship imaonekera, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe wailesi kapena foni, uthenga wonse umapita ndi timbendera tamitundumitundu tokwezedwa pa chingwe, ndipo pa sitima iliyonse pamakhala munthu amene maso ake onse ali pa Victory kuwerenga zomwe bwana wanena nkukauza kaputeni wake. M'mawa umenewo Nelson anakweza uthenga womwe Angerezi amaukumbukira mpaka pano, wonena kuti England ikuyembekeza kuti munthu aliyense achita udindo wake.

Koma mbendera yomwe anzako akuiyang'ana, adani nawonso akuiona. Nelson anagawa sitima zake m'mizere iwiri nkulunjika pakati penipeni pa mzere wa adani kuti audule, mzere wina anatsogolera wachiwiri wake Collingwood pa sitima ya Royal Sovereign, winawo Victory inali patsogolo. Mphepo inali yochepa tsiku limenelo nde imayenda pang'onopang'ono kwinaku ikulandira zipolopolo za mizinga, iyo osatha kubwezera chifukwa mizinga yake inaloza m'mbali, chiwongolero chinaphwanyidwa mpaka anthu amachita kuiwongolera pansi ndi zingwe. Nelson sanabisale. Munthuyu anali atataya kale mkono wamanja komanso diso limodzi silinkaona, koma anali pamwamba kuyendayenda ndi kaputeni Hardy, atavala jekete la nyenyezi za ulemu pachifuwa. Msilikali wina ali pamwamba pa mlongoti wa sitima ya a France yotchedwa Redoutable anamuwombera paphewa, chipolopolo nkukafika ku msana. Anamunyamula kupita naye pansi ndipo anamwalira madzulo omwewo atamva kuti apambana. Adani anataya sitima zoposa theka, Angerezi sanataye ngakhale imodzi, koma pa Victory pokha panafa anthu 57 ndipo ovulala anaposa 100. Ine pamenepa mtima umandipweteka, chifukwa dzina lomwe limatchulidwa ndi limodzi pomwe ambiri mwa 57 aja anali anyamata wamba okoka zingwe ndi kuthira onga.

Mtembo wa Nelson anauika mu mgolo wa mowa wa brandy kuti usawonongeke pa ulendo wautali, ndipo anakamuika mu tchalitchi chachikulu cha St Paul's Cathedral mu London mu Januwale 1806.

Funso lanu lachiwiri, loti ingatsogolere bwanji zachitsulo, yankho nlakuti pamadzi siyendanso. Kuyambira 1922 ili pa doko louma, lopanda madzi, ku Portsmouth ku Mangalande konko, yakhazikika pa zochirikiza, anthu amalipira nkulowa kukaona, ndipo pamalo pomwe Nelson anagwera anakhomapo kachitsulo. Koma sinachotsedwe m'kaundula wa asilikali, ili ndi mkulu wake woiyang'anira, ndipo kuyambira 2012 imanyamula mbendera ya First Sea Lord, amene ndi mkulu wa asilikali onse apamadzi a Britain. Nchifukwa chake imatchedwa sitima yankhondo yakale kwambiri padziko yomwe ikadali pa ntchito. Zili ngati mpando wa mfumu yaikulu, nkhalamba siipita kumunda koma ufumu ukadali pomwepo. Nkhondo yake ya lero ndi ya chinyezi komanso tizilombo toboola matabwa ngati mmene nankafumbwe amachitira ndi chimanga m'nkhokwe, nde amangokhalira kusintha matabwa owola, moti ambiri omwe alipo pano si a 1765 aja.

Ndisanatseke, mumuuze mwanayo kuti nkhani za sitima zankhondo si za kunja kokha. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitima ya boma la atsamunda pa nyanja yathu yotchedwa Guendolen, kaputeni wake Rhoades, inapita ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli mbali ya Tanzania, nkukawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni wa Ajeremaniyo anali asanamve nkomwe kuti nkhondo yayamba. Mfuti ya Guendolen ilipobe ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija cha ku mlatho wa Shire, ndipo nyumba yosungira zakale ili chapafupi pomwepo. Mukagulitsa fodya chaka chino, mutengeni mnyamatayo akaigwire ndi manja ake.