Kodi munthu ali chikomokere amatimva?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera kuti mchimwene wake anagwa pa njinga yamoto ya kabaza, sanatsitsimukebe, ndipo adokotala akuti ali pa 7. Akufunsa ngati kuzindikira kwa munthu kumayezeka.

Mayi, kalata yanuyi yandibwezera ku wodi ya ana. Ndinagonako pansi masiku anayi, chisanu cha Juni cha kuno ku Mzuzu chikulowa m'mafupa, mwana wa achemwali anga atakomoka ndi malungo a muubongo. Namwino ankamufinya chikhadabo, n'kumvetsera kulira kwake, n'kuona ngati maso akutsata nkhope ya mayi ake. Kenako ankalemba 2. Pambuyo pake ndinadziwa kuti muyezowo ndi wa kwathu konkuno, Blantyre Coma Scale, umene madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaufalitsa mu 1989, ndipo umayambira 0 kulekeza 5. Wa achimwene anuwo ndi wa Glasgow, wa mu 1974, woyambira 3 kufika 15. Umaona maso, kulankhula ndi kusuntha kwa thupi, ndipo nambala ikamakwera ndiye kuti wodwala akuyankha bwino.

Miyezo yonseyi imawerenga zimene thupi layankha. Za mkatimo siifikako. Mu 2006 ku Cambridge, wasayansi wa za ubongo Adrian Owen anaika mtsikana wosayankha kalikonse m'makina ojambula ubongo, n'kumuuza kuti aganize kuti akusewera tenisi. Ubongo wake unachita ndendende ngati wa anthu abwinobwino. Kafukufuku wa mu 2024 anapeza zoterezi mwa wodwala mmodzi pa anayi alionse osayankha amene anayezedwa.

N'chifukwa chake mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira achibale ena amene anaima pambali pa bedi la mwana uja n'kumakambirana za bokosi ndi galimoto yopita kumudzi. Mwanayo anachira, ali kusukulu, ndipo akuti sakumbukira kanthu. Komabe ine sindilola nkhani zoterozo pambali pa wodwala. Kusakumbukira lero sikutanthauza kuti tsiku lija sanamve, ndipo nkhani za maliro zili ndi malo ake panja, kukhonde.

Ndiye mutani?

Muzifunsa anamwino tsiku lililonse ngati 7 uja akukwera kapena kutsika. Muziwatchula dzina achimwenewo, muwauze za ana awo, ndipo maso akakutsatani kapena akakufinyani dzanja mutawapempha, kauzeni adokotala msanga. Phala kapena madzi musawapatse pakamwa, angatsamwe.