Kodi dibeti ingamulipirire mwana sukulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lizulu amene amagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika wa m'mbali mwa msewu uja. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 3 pa CDSS ina m'boma la Ntcheu, ndipo akuti pa dibeti palibe womufikapo. Alamu awo okhala ku America anawauza kuti kumeneko ana odziwa kutsutsana amaphunzira ulere. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi zoterezi kuno ziliko, kapena mwanayu akungotaya nthawi ndi pakamwa?"

Mayi, zikomo polemba. Alamu anuwo sananame. Ku America kuli bungwe la National Speech and Debate Association lomwe linayamba mu 1925, ndipo mayunivesite ena ali ndi matimu a dibeti amene amakopa ana aluso powachepetsera fizi, monga amachitira ndi osewera mpira. Koma kwathu kuno zimayenda mwina. Malo ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, MUST, KUHeS ndi Mzuni amagawidwa potengera mmene mwana wakhozera MSCE, kudzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndipo chikho cha dibeti sachiwerengera. Ngongole ya fizi ya ku yunivesite ya ku Loans Board nayonso imayang'ana kusowa kwa pakhomo, osati kuthwa kwa lilime.

Komabe musamuletse. Kuti munthu alowe yunivesite amafunika makirediti 6, imodzi mwa iwo ya Chingerezi, ndipo phunziro limeneli ndi limene limagwetsa ana ambiri anzeru a m'ma CDSS. Wanuyo akulinola Lachisanu lililonse osalipira patitaimu.

Kumene dibeti imagwira ntchito zenizeni ndi kumene amasankha ana powalembetsa nkhani ndi kucheza nawo pamaso. African Leadership Academy ya ku Johannesburg, yomwe inatsegulidwa mu 2008, imatenga achinyamata a m'maiko onse a mu Africa kwa zaka ziwiri, ndipo ochokera m'mabanja osowa imawathandiza fizi. Sukulu za United World Colleges (UWC), monga Waterford Kamhlaba ya ku Eswatini, zimasankha ana kudzera m'makomiti a m'maiko awo. Palinso Yale Young African Scholars, pologalamu yaifupi yaulere yophunzitsa ana a sekondale kufunsira malo m'mayunivesite akunja. Tsiku lina mutapita naye ku Lilongwe, ofesi ya EducationUSA ya kazembe wa America imapereka uphungu pa zomwezi. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo konseku amayamba aona magiredi.

Pali china chimene chimandidandaulitsa. Chaka china ndinaitanidwa kukaweruza dibeti pa sukulu ina ku Dedza, mwezi wa June, kuzizira kochita kuluma makutu. Ana anaimirira mmodzimmodzi, aliyense "Mr Chairman, panel of judges", kenako mawu akuluakulu oloweza mu dikishonale, anzawo n'kumakuwa ngati kwagoletsedwa chigoli. Nditafunsa mnyamata wina chifukwa chake feteleza wakwera mtengo, anangoti kukamwa yasa. Kulankhula kwa mtundu umenewo kumapambana mu holo ya sukulu, koma pa intavyu ya sikolashipu sikupita patali. Kumeneko amafunsa kuti kwanu kuli vuto lanji, ndipo iwe wachitapo chiyani.

Apa mwana wanu ali ndi chuma chimene ana a m'tauni alibe. Amadziwa mtengo umene mavenda amagulira ndowa ya kachewere kumunda ndi umene amagulitsira pamsewu. Amaona tomato akuolera pamsika nthawi imene wachuluka. Azitha kufotokoza zimenezi m'Chingerezi chosavuta, ndi manambala ake, ndipo ngati angayambitse kagulu kophunzitsa a Fomu 1 kulankhula pagulu, icho n'cholemba pa fomu.

Pakadali pano musunge satifiketi iliyonse mu pulasitiki, muijambulenso pa foni. Mwanayo akhale ndi imelo yakeyake. Zikavuta za sukulu asanamalize Fomu 4, yambirani kwa ahedi ndi ku ofesi ya Social Welfare pa Boma kukafunsa za bursary. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money ku nambala yake kuti "asunge malo", ameneyo ndi wakuba. Ndipo aphunzitsi amene amayang'anira kalabu ya dibetiwo muwapemphe alembe kalata yomuchitira umboni teremu ino, chifukwa aphunzitsi sachedwa kusamutsidwa.